Kukwera mapiri oopsa: kodi n'koyenera kutayirapo chuma ndi moyo? Mafunso ndi mayankho

Mwezi wa Meyi ukafika, zithunzi za kuphiri la Everest zimadzaza pa Facebook. Anthu ovala majekete ofiira ndi achikasu amaoneka atandanda pamzere umodzi ngati wa pachigayo, chingwe chili m'manja, kumanja phompho kumanzere phompho. Sipapita masiku ambiri, uthenga wa maliro umatsatira. Pamenepo mkangano umabuka: ena amati anthuwa ndi ngwazi, ena amati ndi anthu okhuta amene asowa chochita ndi ndalama. Ine mapiri ndimawakonda, ndipo la Mulanje ndalikwerapo kangapo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga amandifunsa, ndipo ena mwa iwo amandisowetsa tulo ine ndemwe.

Tikamati masewerawa ndi odula komanso oopsa, tikunena zotani kwenikweni?

Titenge Everest, phiri lalitali kuposa onse, la mamita 8,849, lomwe lili m'malire a Nepal ndi Tibet. Chilolezo chokha chochokera ku boma la Nepal chinali madola a ku America 11,000 kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mu Seputembala 2025 chinakwera kufika pa madola 15,000. Chimenecho n'chikalata chabe. Mukaphatikiza ndege, zovala, mahema, chakudya cha miyezi iwiri, mabotolo a okosijeni ndi malipiro a okuperekezani, ambiri amawononga madola oposa 40,000, ndipo ofuna zapamwamba amapitirira 100,000.

Kuopsa kwake kuli mumpweya. Munthu akadutsa mamita 8,000, akakoka mpweya amalandira okosijeni wongokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a amene timapuma m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limayamba kufooka ngakhale munthu atangokhala pansi. Mutu umasokonekera, mapapo amatha kudzaza madzi, zala zimauma ndi chisanu mpaka kukadulidwa. Okwera amatcha chigawo chimenechi malo a imfa. Anthu oposa 300 afera paphirili, ndipo mitembo yambiri idakali komweko chifukwa kuitsitsa n'kuika miyoyo ina pachiswe. Mu 2023 mokha, pomwe Nepal inapereka zilolezo 478, anamwalira osachepera 17.

Ndalama zonsezo bwanji osathandizira osauka?

Funso ili ndi limene limabwera msanga pakamwa pa munthu wa kwathu kuno, ndipo silochokera ku nsanje ayi. Amene waonapo mayi akubwerera kuchipatala opanda mankhwala, kapena mwana atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, sangamve za madola 60,000 othera paulendo umodzi mtima wake n'kukhala m'malo.

Komabe ndinene zoona: mwa zifukwa zonse zotsutsira kukwera mapiri, ichi sindicho champhamvu kwambiri. Tikati munthu asagwiritse ntchito ndalama pa chimene amakonda mpaka wosauka womaliza atakhuta, mlanduwo sugwera okwera mapiri okha. Ugwera wogula galimoto yachitatu, wochititsa ukwati wa anthu 800, womanga chiliza cha matailosi pomwe ana a malemuyo alibe yunifolomu, ngakhalenso ine ndikagula nsapato zokwerera phiri mnansi wanga atagona ndi njala. Aliyense wa ife ali ndi pamene anaika malire, n'kunena kuti izi ndipatsa ena, izi ndidya ndekha. Choyenera kufunsa wokwera phiri ndi chomwecho chimene timafunsa aliyense amene zake zinayenda: kodi dzanja lako limatambasuka? Wina amakwera Everest kamodzi pa moyo wake atasunga ndalama zaka khumi, uku akuphunzitsa ana amasiye. Wina sanakwerepo ngakhale chulu koma ndi woumira ngati mwala.

Chinanso, ndalama za paphiri sizipsa ndi moto. Gawo lina limatsala kwa ophika, onyamula katundu, eni nyumba zogona alendo ndi oweta ng'ombe zonyamula katundu zotchedwa yak. Vuto ndi lakuti amene amasenza ngozi yaikulu si amene amatenga gawo lalikulu.

Moyo ndi wake. Akafuna kuuika pachiswe, ife zikutikhudza bwanji?

Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha, ndipo walira mvula walira matope. Koma mawu akuti "moyo ndi wanga" amaona theka la nkhani. Kwathu kuno timadziwa kuti bambo akafa, imfayo siithera pamanda. Imapita m'nyumba, n'kukakhala pamphika ndi pachikwama cha sukulu.

Mu Meyi 1996, Rob Hall wa ku New Zealand, yemwe ankatsogolera gulu la alendo, anatsakamira pafupi ndi nsonga ya Everest mphepo yamkuntho itawomba. Anzake anamulumikiza pa wailesi ndi mkazi wake, amene anali woyembekezera kwawo. Analankhulana, ndipo iye anafera pomwepo. Mwanayo anabadwa bambo ake kulibe. Chaka cha 1995, Alison Hargreaves wa ku Britain anakwera Everest popanda okosijeni wa m'botolo ndiponso popanda womuthandiza, kenako mu Ogasiti chaka chomwecho anafera paphiri la K2, kusiya ana awiri aang'ono. Anthu anamunyoza kwambiri, kuti mayi wanji wosiya ana n'kupita kumapiri, pomwe abambo ambiri amene anafa imfa yomweyo ankatchedwa ngwazi. Kukondera kumeneko sindigwirizana nako. Ngati funsoli ndi loyenera kwa mayi, ndi loyeneranso kwa bambo. Mwana wake wamwamuna, Tom Ballard, anakula n'kukhala katswiri wokwera mapiri, ndipo naye anafera paphiri la Nanga Parbat mu 2019.

Sindinganene kuti kholo lisamachite chilichonse choopsa. Tikanatero, sipakanakhala msodzi wolowa m'nyanja usiku. Koma msodzi amalowa kuti ana adye. Amene akupita kukafuna chisangalalo chake ali ndi ngongole yaikulu kwa otsala: awauze zoona za ngoziyo, amve yankho lawo ngakhale litakhala lakuti ayi, ndipo asiye zinthu zili m'malo. Wozemba zimenezi akutchova juga ndi moyo wa ana ake.

Nanga anthu aja amawanyamulira katundu?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo.

A Sherpa ndi mtundu wa anthu okhala m'zigwa za kumtunda kwa Nepal, makamaka m'dera la Khumbu. Dzina la mtundu wawo linasanduka dzina la ntchito, moti alendo ambiri amangotcha aliyense wonyamula katundu kuti Sherpa. Pa 29 Meyi 1953, pamene Edmund Hillary wa ku New Zealand ankaponda pansonga ya Everest koyamba, anali ndi Tenzing Norgay, wa mtundu wa a Sherpa, pambali pake. Koma imfa zoyamba kulembedwa paphirili zinachitika kale mu 1922, pa ulendo wa Angelezi womwe munali George Mallory: chipale chinagumuka n'kukwirira onyamula katundu asanu ndi awiri. Mzungu sanafepo ndi mmodzi yemwe.

Njira ya ku Nepal imadutsa pamalo otchedwa Khumbu Icefall. Ndi mtsinje wa madzi oundana umene umatsetsereka pang'onopang'ono, n'kumang'ambika. Pali zibuma za ayisi zazitali ngati nyumba zosanja, ndi ming'alu yakuya imene anthu amawoloka poponda makwerero achitsulo omangidwa ndi zingwe. Chibuma chimatha kugwa nthawi ina iliyonse, ndipo luso la munthu silithandiza kanthu. Chimene chimachepetsa ngozi ndi kudutsapo kochepa basi. Mlendo wolipira amadutsapo maulendo owerengeka. Wantchito amadutsapo maulendo makumi awiri kapena kuposa pa nyengo imodzi, atasenza mahema, gasi wophikira, chakudya ndi mabotolo a okosijeni amene mlendoyo adzapume. Kunena mosapsatira, mlendo amalipira kuti gawo lalikulu la ngozi yake lisenzedwe ndi munthu wina.

M'mawa wa pa 18 Epulo 2014, chibuma chachikulu chinagwera pamalo amenewa n'kupha anthu 16, onse a ku Nepal, ambiri mwa iwo a Sherpa. Anali atalawirira kukakonza misasa ya alendo amene anali m'mahema kumunsi. Mitembo itatu sinapezeke. Boma linalengeza chipepeso cha marupi 40,000 pa banja lililonse, pafupifupi madola 400, pomwe linkalandira madola masauzande ambiri kwa mlendo mmodzi. Anzawo a malemuwo anakwiya, ananyanyala ntchito, ndipo nyengo ya chaka chimenecho inathera pomwepo. Pambuyo pake inshuwalansi ya imfa inakwezedwa kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 15,000. Pa anthu onse amene afera pa Everest, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ndi wantchito wa komweko.

Ife nkhani yotere siyachilendo. Agogo athu anali amtengatenga, ankasenza katundu wa atsamunda pamutu ndi kunyamula abwana pamachila, ndipo m'mabuku munalembedwa dzina la amene ananyamulidwayo. Ndikamva munthu akunena kuti "ndinagonjetsa Everest," ndimafuna kumufunsa kuti anamanga zingwe ndani, anaphika ndani, botolo lachitatu analisenza ndani.

Komatu a Sherpa ntchitoyo amaifuna okha. Kuwaletsa si kuwalanda chakudya pakamwa?

N'zoona, ndipo amene amati phirili lingotsekedwa ayenera kuliyankha funsoli. Woperekeza alendo wodziwa ntchito amapeza madola masauzande angapo pa miyezi iwiri, ndalama zoposa zimene anthu ambiri a ku Nepal amapeza chaka chathunthu. Dera la Khumbu linatukuka chifukwa cha alendo. Hillary yemwe sanangotenga ulemu n'kupita: anayambitsa bungwe la Himalayan Trust, lomwe linamanga sukulu ya ku Khumjung mu 1961 ndi chipatala cha ku Khunde mu 1966. Lero makampani akuluakulu ambiri otengera anthu paphirili eni ake ndi a ku Nepal, ndipo Kami Rita Sherpa, amene anafika pansonga ka 31 mu Meyi 2025, ndi wodziwika dziko lonse. Awa si anthu omvetsa chisoni, ndi akatswiri.

Koma kuvomera kwa munthu wanjala n'kosiyana ndi kuvomera kwa munthu wokhuta. Apa Sherpa, amene anakwera Everest ka 21, anayamba kunyamula katundu ali mwana bambo ake atamwalira, sukulu n'kulekera panjira. Atapuma pantchito anaika mphamvu zake pa bungwe lothandiza sukulu za kwawo, kuti ana akhale ndi njira ina yopezera chakudya. Munthu amene analidziwa phirilo kuposa ambiri sanafune kuti likhale khomo lokhalo la ana a m'mudzi mwake. Choncho yankho si kutseka phiri. Yankho ndi malipiro oyenera, inshuwalansi yoti ingalere ana, katundu wochepa wodutsa pamalo oopsa aja, ndi ufulu wa wantchito wonena kuti lero sitikwera popanda kuopa kuchotsedwa.

N'zoona kuti amadutsa munthu akufa osamuthandiza?

Zinachitikapo. Mu Meyi 2006, David Sharp wa ku Britain anakhala pansi pa thanthwe chakumtunda kwa Everest, mbali ya Tibet, atatheratu mphamvu. Anthu pafupifupi 40 anadutsa pamalopo. Ena ankayesa kuti wafa kale, ena anaima n'kumupatsa okosijeni koma analephera kumuimiritsa, ena anangopitirira. Anafera pomwepo, ndipo Hillary anadzudzula poyera zimene zinachitikazo. Mu Julayi 2023, paphiri la K2, wonyamula katundu wa ku Pakistan anagwa pamalo opanikiza n'kumwalira, ndipo kanema anaonetsa anthu akumulumpha kupita kunsonga.

Oikira kumbuyo khalidweli amati kumtunda kuja munthu sangathe kunyamula mnzake, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Koma si nthawi zonse. Patangopita masiku ochepa Sharp atamwalira, Lincoln Hall wa ku Australia, amene anasiyidwa usiku wonse pa Everest poganiza kuti wafa, anapezedwa ali moyo ndi gulu la Dan Mazur. Iwo anasiya ulendo wawo nsonga ili pafupi, anakhala naye mpaka thandizo linafika, ndipo anachira. Mu Meyi 2023, Gelje Sherpa anapeza munthu wa ku Malaysia akunjenjemera yekha pamalo a imfa aja. Anapempha mlendo amene ankamuperekeza kuti abwerere, anakulunga wodwalayo m'chofunda, n'kumubereka kumsana kutsika naye mamita pafupifupi 600 kwa maola asanu ndi limodzi.

Kuopsa kwa ndalama zambiri kuli pamenepa. Munthu amene walipira madola 70,000 ndipo watsala ndi maola awiri kuti afike, maso ake amaphunzira kusaona. Masewera alionse amene angakufikitse polumpha munthu wopuma kuti ukajambulitse chithunzi akuwonongera chinthu chachikulu kuposa chimene ukukafuna.

Akasowa kapena akavulala, n'chilungamo kuti ena akawafunefune?

Wovulala amapulumutsidwa kaye, mafunso pambuyo. Koma wopita dala kumalo oopsa azilipiriratu inshuwalansi yake, asasiyire mtolo boma losauka, ndipo azikumbukira kuti woyendetsa helikopita ndi womufunafuna nawonso ali ndi ana. Chimandiwawa ndi kusiyana kwa changu. Mu Juni 2023, sitima yaing'ono ya pansi pa madzi yotchedwa Titan, yomwe mpando umodzi unkagulidwa madola 250,000, itasowa ndi anthu asanu popita kukaona zotsalira za Titanic, sitima yaikulu imene inamira kalekale, mayiko angapo anatumiza ndege ndi sitima. Masiku ochepa m'mbuyo mwake, boti lodzaza anthu othawa kwawo linamira kufupi ndi Greece n'kupha mazanamazana, ndipo dziko silinagwedezeke chimodzimodzi.

Nanga amene amati akukwera pofuna kusonkhanitsa ndalama zachifundo?

Alipo oona mtima. Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia ndipo amakhala ku South Africa, anakhala mayi woyamba wakuda wa mu Africa kufika pansonga ya Everest pa 16 Meyi 2019, atalephera katatu, ndipo maulendo ake anasonkhanitsa ndalama zothandiza maphunziro a ana ndi nyumba zowerengeramo mabuku. Mtsikana wa ku Chipata kapena ku Dedza akamva nkhani imeneyi, chinachake chimatseguka mumtima mwake. Chofunika ndi kufunsa masamu: pa ndalama zimene anthu apereka, zingati zapita kwa ana ndipo zingati zalipirira ulendowo? Ngati ulendo wadya zambiri kuposa zimene zafika kwa osowa, chifundocho chinali chovala chabe.

Kodi kumwambako amakapezako chiyani?

Amene sanakwerepo zimamuvuta kumvetsa, ndipo sindimuda. Ndinganene zimene ndinaona ndekha pa Mulanje. Tinadzuka kukali mdima pa kanyumba ka Chisepo, manja atauma ndi kuzizira, n'kuyamba kukwawa pamiyala yoterera. Pena umalowa pansi pa thanthwe chokwawa ngati buluzi, pena umakoka thupi ndi mizu ya zitsamba. Titafika pa Sapitwa, mamita 3,002, mitambo inali pansi pathu, yoyera ngati ufa woanika pamphasa, nsonga zina zitangotulukira ngati zilumba. Palibe amene analankhula. Nkhawa zimene ndinanyamula kuchokera kutauni, za lendi ndi za kuntchito, zinaoneka kukula kwake kwenikweni. Munthu sakhala ndi moyo ndi nsima yokha. Amafunanso kudziwa pamene mphamvu zake zimathera, ndi kuona ntchito ya Mlengi ndi maso ake. Chilakolako chimenechi si tchimo, ndipo si cha azungu okha.

Zimene mukunena za ku Nepal zikukhudzana bwanji ndi Mulanje?

Mulanje si Everest. Safuna okosijeni kapena mamiliyoni, ndipo ana asukulu amakwerako. Koma amapha. Chiperoni chikagwa, munthu saona ngakhale phazi lake. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha cha ku Sapitwa ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza kumunsi n'kupitirira yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Amene anayenda m'mapanga ndi m'zigwembe kumufunafuna m'nyengo yozizira ija ambiri anali anthu a m'midzi yozungulira phirilo.

Ulendo wanga woyamba, tikunyamuka pa Likhubula, ndinanenerera mtengo ndi mnyamata wondinyamulira chikwama mpaka anatsitsa. Ndinadziona wochenjera. Tili pakati pa chitunda chopita ku Chambe ndinayang'ana mapazi ake: anavala patapata, lamba wina atamangidwa ndi waya. Ine ndinali ndi nsapato zatsopano ndi botolo la madzi lokha m'manja. Usiku kukuzizira ndinamupeza atakhala pafupi ndi moto, atadzikulunga m'chitenje chimodzi. Ndinati, "Achimwene, bulangete lanu lili kuti?" Anayankha kuti, "Bwana, likanakwana pati? Chikwama chanu chinadzaza kale." Ndalama imene ndinamudula m'mawa uja inali yosakwana n'komwe mtengo wa masokosi amene ndinavala. Ndinamupatsa juzi yanga, ndipo potsika ndinamulipira mtengo umene anatchula poyamba ndi kuwonjezerapo, koma manyazi a usiku umenewo sanandichoke. Anyamata omwewa ndi amene amathamanga mpikisano wa Porters' Race, makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri, opambana n'kumaliza maola atatu asanakwane.

Kodi pali mapiri amene sayenera kukweredwa n'komwe?

Alipo, ndipo eni dera ndiwo anene. Dziko la Bhutan linaletsa kukwera mapiri ake aatali chifukwa anthu ake amawalemekeza ngati malo a mizimu, n'chifukwa chake phiri la Gangkhar Puensum, la mamita 7,570, silinapondedwepo pansonga. Mu 1955, Joe Brown ndi George Band atakwera phiri la Kangchenjunga koyamba, anaima mapazi ochepa nsonga isanakwane posunga lonjezo limene gulu lawo linapereka kwa mfumu ya ku Sikkim, dera la m'mbali mwa phirilo. A Sherpa amatcha Everest kuti Chomolungma, ndipo sayamba kukwera asanachite mwambo wopempha chilolezo. Dzina lakuti Sapitwa nalonso limanena lokha, ndipo akuluakulu a ku Mulanje ndi ku Phalombe ali ndi malangizo awo a mmene munthu ayenera kukhalira kumeneko. Mlendo sakakamizidwa kukhulupirira zonse, koma kwa eni ake sufika ndi phokoso, ndiponso susiya zinyalala. Ku Everest zinafika poipa moti boma linachita kulamula kuti wokwera aliyense azitsika ndi makilogalamu 8 a zinyalala.

Ndiye mwachidule, inu mukuti n'koyenera kapena ayi?

Ndikuti n'koyenera kwa munthu amene wasenza yekha ngozi imene wasankha, ndipo n'kosayenera kwa amene waigula n'kuisenzetsa wosauka. Wopita ku Everest asanaphunzire kumanga chingwe, podalira kuti a Sherpa awiri adzamukoka, ndikuti alakwa, ngakhale ndalamazo zikhale zake. Wophunzira zaka zambiri pamapiri aang'ono, wogwirizana ndi banja lake, wofufuza mmene kampani imalipirira antchito ake, wokonzeka kubwerera nsonga akuiona, ameneyo sindimuweruza.

Ndikufuna kuyamba ndi Mulanje. Ndichite chiyani?

Pitani m'miyezi yopanda mvula, ndipo tengani woperekeza wovomerezeka pa Likhubula kapena pa khomo lina lolowera m'phirimo. Mtengo woikika musanenerere. Chikwama chanu muyambe mwachinyamula nokha kunyumba, muyende nacho pang'ono, ndipo chikakulemerani muchotsemo zina kapena mutenge onyamula awiri. Musananyamuke funsani ngati ali ndi chofunda, jekete ndi chakudya chokwanira masiku onse, ndipo m'chikwamamo musiye malo a katundu wawo. Woperekeza akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ku Sapitwa sitipita, musatsutse. Mufunsenso dzina lake, ndipo pojambulitsa pamwamba paja aime nanu.